KUSANKHA JENERETA YA PA MSASA WA KALAVANI

Mawu oyamba

Ntchito zina za ulangizi ndi kafukufuku sizigwirika munthu akugona kunyumba kwake. Pa nyengo yoyeza zokolola m'minda yoyeserera mbewu, ya katemera wa ziweto, yotchera misampha ya kashembe kapena yoonetsa kanema wa zaulimi m'midzi yakutali, antchito amamanga msasa kwa sabata imodzi, mwina mwezi wathunthu. Ena amagona m'matenti, koma magulu ena ali ndi kalavani, nyumba ija ya matayala yokokedwa ndi galimoto, imene anthu a ku South Africa, Britain ndi America amakonda kupita nayo kutchuthi. M'malo ochezera a m'maiko amenewo kalavani imangolumikizidwa ku magetsi a pamalopo. Kumene ife timagwira ntchito kulibe polumikiza, choncho magetsi ayenera kuchokera ku jenereta yaing'ono yoyenda nayo.

Ogula ambiri amayang'ana zinthu ziwiri zokha: mtengo ndi nambala yaikulu yolembedwa pa katoni. Zotsatira zake ndi zodziwika. Ena amabwera ndi makina ofooka amene amazima nthawi iliyonse firiji ikafuna kuyamba, pamene ena amabwera ndi chimakina cholemera ndi chaphokoso, chomwe chimatha petulo wa sabata m'masiku awiri pongoyatsa mababu asanu. Jenereta yoyenera imapezeka ndi pensulo ndi pepala munthu asanapite kusitolo. Kabuku kano kakufotokoza m'mene mungawerengere, ndiponso kakuchenjeza za utsi wa makinawa, umene wapha anthu ambiri ali m'tulo.

Yambani mwaona kalavani yanu

Magetsi a m'maiko a chigawo chino ndi a mavolti 220 mpaka 240, pa 50 Hz. A ku America ndi a mavolti 120 pa 60 Hz, ndipo majenereta ang'onoang'ono opangira msika wa kumeneko amatulutsa magetsi a mtundu umenewo. Mfundoyi njofunika kwa amene akugula makina ogwiritsidwa kale ntchito kapena oitanitsa pa intaneti. Werengani kachitsulo kokhomedwa pa jenereta. Ngati sikakunena 230 V ndi 50 Hz, kapena zoyandikira pamenepo, isiyeni ngakhale mtengo utatsika bwanji.

Kalavani nayo ili ndi malire ake. Makalavani opangidwa ku South Africa ndi ku Ulaya kawirikawiri amalandira magetsi kudzera pa pulagi yobiriwira ngati mtambo, ya mano atatu ozungulira, imene imapirira ma amp 16. Ma amp 16 kuchulukitsa ndi mavolti 230 ndi mawati 3,680. Kupyola pamenepo magetsi sangalowe m'kalavani, kotero kuti kugulira kalavani imodzi jenereta ya mawati 6,000 ndi kutaya ndalama za bungwe. Onaninso switchi yaikulu ya m'kati, chifukwa mwina imadula magetsi pa mlingo wotsikirapo.

Chinthu china chimene chimaiwalika ndi chakuti m'kalavani muli njira ziwiri za magetsi. Pali ya mavolti 230 yopita ku masoketi, ndipo pali ya mavolti 12 yochokera ku batire, imene imayatsa nyali, kampope ka madzi ndi mafiriji ena. Batire likakhala labwino, ntchito yaikulu ya jenereta imangokhala kulidzaza kwa maola angapo madzulo. Usiku makina azime, anthu agone.

Kuwerengera katundu amene jenereta isenze

Lembani zipangizo zonse zimene zidzayaka pa nthawi imodzi, osati zonse zimene muli nazo. Chipangizo chilichonse chili ndi polembedwa mawati ake, kunsi kapena kumbuyo. Pamene pangolembedwa ma amp, chulukitsani ndi 230.

Tiyerekeze gulu la anthu anayi limene madzulo lidzaonetsa kanema kwa alimi. Manambala ali m'munsiwa ndi achitsanzo chabe. Inu mulembe a pa zipangizo zanu.

Mababu 6 a LED, lililonse mawati 10: 60
Makompyuta a m'manja 2, iliyonse mawati 65: 130
Kutchaja mafoni 4: 60
Fani imodzi: 50
Chotchajira batire la kalavani: 350
Firiji yaing'ono ikamayenda: 100
Makina oonetsera kanema ndi chokuzira mawu: 400

Zonse pamodzi ndi mawati 1,150. Koma kuwerengera sikuthera pamenepa. Chipangizo chilichonse chokhala ndi mota, monga firiji, pampu kapena makina oziziritsa m'chipinda, chimakoka magetsi ochuluka kwa sekondi imodzi kapena ziwiri pamene chikuyamba, kawiri, katatu, mwinanso kasanu kuposa pamene chikuyenda. Zili ngati ngolo ya ng'ombe: mphamvu yaikulu imafunika poidzutsa pamene yaima, ikayamba kuyenda goli limapepuka. Firiji ya mawati 100 ingafune 500 kapena 600 poyamba. Choncho onjezani kufunika kwa chipangizo chimodzi chovuta kwambiri kuyamba. M'chitsanzo chathu jenereta iyenera kupirira mawati pafupifupi 1,650 kwa kanthawi kochepa.

Pomaliza siyani mpata. Makina oyendetsedwa pa malire a mphamvu yake tsiku ndi tsiku amatentha ndipo sakhalitsa. Ndi bwino kuti katundu wa nthawi zonse asapitirire magawo 80 pa 100 aliwonse a mphamvu ya jenereta. Kwa gulu lathu, zimenezi zikutanthauza makina otha kupereka mawati osachepera 1,440 mosalekeza.

Tsono taonani chimene chimachitika wina akalongedza ketulo ya magetsi. Ketulo yokha imadya mawati 2,000 kapena kuposa, kupambana zipangizo zonse za m'mwambazi kuziphatikiza pamodzi. Simbi ndi mbaula ya magetsi zili chimodzimodzi. Chilichonse chimene ntchito yake ndi kutenthetsa ndi mdani wa jenereta yaing'ono. Kugula makina aakulu kawiri chifukwa cha tiyi wa m'mawa si nzeru. Madzi awiritsidwe pa gasi kapena pamoto panja, ndipo lamuloli liuzidwe kwa gulu lonse ulendo usanayambe, pakuti nthawi zambiri ketulo imatulukira m'chikwama cha munthu pa tsiku lachiwiri.

Makina oziziritsa a padenga la kalavani ndi nkhani ina. A msinkhu wa 13,500 BTU, amene ndi ofala pa makalavani a ku America, amadya mawati pafupifupi 1,500 poyenda ndipo angafune 3,000 kapena kuposa poyamba. Amene akufunadi makina otere, monga ogwira ntchito kuchigwa cha Shire kapena cha Zambezi m'mwezi wa Okutobala, ayenera jenereta ya mawati 3,000 kupita m'tsogolo, kapena aike kachipangizo kotchedwa soft starter kamene kamachepetsa kukoka kwa poyamba.

Nambala ziwiri za pa jenereta

Jenereta iliyonse ili ndi nambala ziwiri. Yaikulu, imene imalembedwa ndi zilembo zonenepa ndipo kawirikawiri imakhalanso m'dzina la makinawo, ndi mphamvu ya kanthawi kochepa. Pa kachitsulo imatchedwa maximum kapena peak. Yaing'ono, yotchedwa rated, ndiyo imene makina angapereke maola ambiri. Mwachitsanzo Honda EU22i imafika pa 2,200 kwa kanthawi, koma mosalekeza imapereka 1,800. Yerekezani katundu wanu wa nthawi zonse ndi nambala yaing'onoyo, ndipo wa poyamba ndi yaikuluyo.

Samalaninso ndi kVA. Ogulitsa ambiri m'chigawo chino amatchula majenereta m'ma kVA, pamene zipangizo zimalembedwa m'mawati. Pa makina ena ziwirizi zimafanana, koma pa ena kachitsulo kamanena kuti power factor ndi 0.8. Zikatero jenereta ya 2.5 kVA imapereka mawati 2,000 okha. Makina amene alibe kachitsulo, kapena amene akungolonjeza nambala imodzi yaikulu, musawakhulupirire.

Kukwera kwa malo ndi kutentha

Apa ndi pamene alangizi a m'chigawo chino ayenera kuchenjera kuposa ogula a kwina. Mphamvu yolembedwa pa jenereta imayezedwa ngati kuti makina ali pafupi ndi nyanja yamchere. Pamalo okwera mpweya umapepuka, injini imapeza mpweya wochepa wowotchera petulo, ndipo mphamvu imatsika ndi magawo pafupifupi 3.5 pa 100 pa mamita 300 alionse. Ambiri a ife timagwira ntchito pamalo okwera osazindikira. Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000 pang'ono, Lusaka pafupifupi 1,300, Harare pafupifupi 1,500, ndipo Johannesburg, kumene makina ambiri amagulidwa, ali pa mamita oposa 1,700.

Tibwerere ku gulu lathu lija. Likamanga msasa pa mamita 1,200, jenereta imataya magawo 14 pa 100. Ya mawati 1,800 imatsala ndi pafupifupi 1,550, imene ikukwanirabe pa 1,440 amene tinapeza. Gulu lomwelo likakwera ku Nyika, kumene malo ambiri apitirira mamita 2,000, makina amataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi kutsala ndi mawati 1,350. Ntchito ingayendebe, koma mpata watha, ndipo chotchajira batire chiyenera kuzimitsidwa pamene kanema akuonetsedwa. Jenereta ya mawati 1,200 imene inkaoneka yokwanira papepala ikanalephera pamalo onse awiri. Ngati makina adzakhalitsa kumapiri, funsani makanika za kusintha kabuleta, chifukwa kumeneko injini imalandira petulo wochuluka kuposa mpweya, imafuka ndipo pulagi imada msanga. Mukatsikira kuchigwa kabuleta ibwezeretsedwe m'mene inalili, apo ayi injini idzatentha.

Kuchigwa vuto ndi kutentha. Ku Nsanje kapena ku Tete, kumene m'chilimwe kutentha kumapyola madigiri 40, mphamvu imatsikanso pang'ono. Ikani makina pamthunzi podutsa mphepo.

Mitundu ya majenereta

Pamsika pali mitundu inayi. Wotchipa kwambiri ndi kaja kakang'ono ka mawati 650 mpaka 950, kamene petulo wake amasakanizidwa ndi oyilo. Kamayatsa mababu ndi wailesi bwino lomwe, koma magetsi ake amakwera ndi kutsika, kamafuka, ndipo sikangadzutse firiji. Musakalumikize ku kompyuta ya ofesi.

Wachiwiri ndi jenereta wamba ya petulo yokhala m'chimango cha mapaipi. Kuti itulutse 50 Hz injini yake iyenera kuzungulira ka 3,000 pa mphindi nthawi zonse, kaya yasenza katundu wambiri kapena babu limodzi. N'chifukwa chake imasokosa ndi kumwa mafuta ngakhale ntchito ili yochepa; yaikulu ya 5 kVA ingathe lita imodzi kapena kuposa pa ola isakuchita kanthu kwenikweni. Ubwino wake ndi wakuti njotsika mtengo, imadzutsa bwino mota, ndipo makanika wa pa boma lililonse amaidziwa. Mukasankha iyi, ikhale ndi AVR, kachipangizo kosunga mavolti pa mlingo umodzi.

Wachitatu ndi wa inverter, umene unayamba kufala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. M'makina amenewa magetsi amakonzedwanso ndi zipangizo za m'kati asanatuluke, choncho amakhala osalala ngati a m'tauni, ndipo injini imathamanga molingana ndi katundu. Honda EU22i imene tatchula ija imalemera makilogalamu 21. Thanki yake ya malita 3.6 imatha m'maola atatu ikasenza katundu wonse, koma imafika maola asanu ndi atatu ikasenza gawo limodzi mwa magawo anayi. Phokoso lake silifika madesibeli 60 munthu ataima mamita 7, pamene majenereta wamba ambiri amafika 70 kapena kupitirira, ndipo kusiyana kwa madesibeli 10 khutu limakumva ngati kuwirikiza kawiri. Kwa gulu loonetsa kanema zimenezi si zachabe: alimi okhala kumbuyo ayenera kumva mawu. Makampani ena monga Yamaha amapanganso makina a mtunduwu. Kuipa kwake ndi mtengo wokwera ndiponso kuti zipangizo za m'kati zikapsa sizikonzeka kumudzi. Ngakhale zili choncho, pa msasa wa kalavani umene katundu wake ndi makompyuta, mafoni ndi batire, ife tikuona kuti mtundu uwu ndiwo woyenera. Ndalama zoonjezerazo zimabwerera pa petulo.

Wachinayi ndi wa dizilo. Umalimba ndipo umasunga mafuta pa ntchito yaikulu, koma ambiri amalemera makilogalamu 100 kapena kuposa, ndipo injini ya dizilo yoyenda nthawi yaitali ndi katundu wochepa imadzaza mwaye. Ndi wa pa msasa wokhazikika wokhala ndi pampu kapena zida zina zolemera, osati wa gulu losamuka sabata iliyonse. Kumbukirani kuti chilichonse cholemera chiyenera kukwezedwa ndi kutsitsidwa ndi anthu omwewo, ndiponso kuti kuchimangirira kumbuyo kwenikweni kwa kalavani kumachititsa kalavani kugwedezeka pamsewu.

Utsi umene umapha

Injini iliyonse ya petulo imatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, ulibe mtundu, ndipo sutsokomoletsa. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'miyezi ya Juni ndi Julayi, koma jenereta imautulutsa wochuluka zedi. Ukalowa m'mapapo umagwirana ndi magazi mwamphamvu kuposa mpweya wabwino koposa ka 200, kotero kuti thupi limasowa mpweya munthu akupuma ndithu. Ku America bungwe loona za chitetezo cha ogula la Consumer Product Safety Commission linawerenga anthu oposa 900 amene anafa ndi utsi wa majenereta onyamulika pakati pa 2005 ndi 2017, ndipo kuyambira 2007 jenereta iliyonse yogulitsidwa kumeneko imamatidwa chenjezo la ngoziyi.

Kalavani ndi kachipinda kakang'ono, ndipo mpweya woipa umadzaza msanga. Jenereta isayendetsedwe m'kati mwake, pansi pake, m'tenti yolumikizidwa kukhomo lake, kapena kumbuyo kwa galimoto yotseka, ngakhale zitseko zitatsegulidwa. Ikhale panja, mamita osachepera 6 kuchokera pa kalavani ndi pa tenti iliyonse, paipi ya utsi italoza kutali, ndiponso kumbali kumene mphepo ikupita.

Tinene zoona: anthu sabweretsa jenereta pafupi chifukwa cha umbuli wokha. Amaopa akuba ndi mvula. Mankhwala a akuba ndi unyolo ndi loko pamtengo, kapena kuzimitsa makina, kuwasiya azizire ndi kuwasunga usiku. Mankhwala a mvula ndi kadenga ka malata kapena ka lona pa mitengo inayi, kotseguka mbali zonse. Ndipo nthambo ikhale yaitali mokwanira, chifukwa nthambo yaifupi ndiyo imakokera makina pawindo.

Zizindikiro za poizoniyu ndi mutu, chizungulire, nseru, kufooka ndi kusokonezeka maganizo. Kwathu kuno zimenezi munthu amangoti ndi malungo, namwa mankhwala ndi kugona pomwepo, ndipo kugonako ndiko kumamupha. Anthu awiri kapena atatu akadwala mutu nthawi imodzi jenereta ikulira, kapena akamapeza bwino akatuluka panja, musaganize za malungo poyamba. Tulutsani onse, zimitsani makina, ndipo pitani nawo kuchipatala mukanene za utsiwo. Ikani m'kalavani kabelu ka mabatire kochenjeza za carbon monoxide. Kuyambira 2018 majenereta ena amabwera ndi kachipangizo kozimitsa injini utsi ukachuluka pamene makina ali. Ngati mungapeze otere asankheni, koma dziwani kuti kamanunkhiza pa jenereta pokha, osati pamene inu mwagona.

Nthambo, moto ndi mafuta

Gwiritsani nthambo yokhuthala ya mawaya atatu a 2.5 mm², yosalumikiza ndi mapepala apulasitiki, ndipo muitambasule yonse pakuti yokulungidwa imatentha. Kalavani ndi bokosi la chitsulo loima pa matayala, choncho waya woduka m'kati ungaike magetsi pa thupi lake lonse. Switchi yoteteza anthu ya 30 mA imene ili m'makalavani ambiri siigwira ntchito bwino ndi majenereta ena ang'onoang'ono pokhapokha atalumikizidwa moyenera. Mmisiri wa magetsi wovomerezeka ayese zimenezi ulendo usanayambe. Musalumikize jenereta ku soketi ya nyumba kapena ofesi imene ili pa mawaya a ESCOM, ZESCO kapena kampani ina ya magetsi. Magetsi amabwerera m'mawayamo ndipo angaphe wantchito amene akukonza patali.

M'chilimwe lambulani udzu mamita awiri kuzungulira makina. Musathire petulo injini ikuyenda kapena ikadali yotentha, ndipo zigubu zikhale pamthunzi kutali ndi moto wophikira.

Petulo wa m'maiko ena a chigawo chino ndi wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Zimbabwe inayamba kupanga ethanol ku Triangle mu 1980, ndipo Malawi ku Dwangwa mu 1982. Petulo wotere amakoka chinyezi, ndipo akakhalitsa m'kabuleta amasiya utomoni umene umatseka timabowo. Ichi ndicho chifukwa chofala chimene jenereta yosungidwa kuyambira nyengo yatha imakanira kulira pa tsiku la ulendo. Pomaliza ntchito khuthulani thanki ndi kabuleta. Oyilo woyamba asinthidwe pakatha maola pafupifupi 20, kenaka pa maola 50 mpaka 100 alionse monga buku la makinawo likunenera, ndipo sefa ya mpweya itsukidwe kawirikawiri m'nyengo ya fumbi. Sankhani makina amene amazima okha oyilo akachepa. Kope laling'ono lolembamo maola likhale pamodzi ndi jenereta, chifukwa makina a bungwe amadutsa m'manja ambiri ndipo aliyense amaganiza kuti mnzake anasintha oyilo.

Musanalipire

Funsani wogulitsa ngati ali ndi mapulagi, sefa, chingwe cholizira ndi kabuleta ya makinawo, ndiponso kumene amakonzetsa akawonongeka. Pemphani kuti jenereta ilizidwe inu mukuona, itasenza katundu wofanana ndi wanu. Ngati kungatheke tengani firiji yeniyeniyo, muone ngati ikudzuka zipangizo zina zili zoyaka. Yesani kuinyamula anthu awiri mpaka pa galimoto. Mukafika nayo ku ofesi, ilumikizeni ku kalavani pabwalo ndi kuyatsa zonse za pa mndandanda wanu kwa ola lathunthu, kudakali masiku angapo ulendo usanachitike, kuti chosowa chilichonse chigulidwe sitolo zikadali pafupi.